Meshi ya Amake Esitere

Ine ndine Feggie, ndimamanga tsitsi pa Kasungu Boma, pakhonde la shopu ya a Zuwena. Zaka khumi ndi zitatu ndili pampando womwewo, mitu ya anthu ndaiona yosiyanasiyana. Koma nkhani ndikufuna kunenayi ndi ya azakhali anga, a Dorika, amene kwathu kwa Mwase aliyense amangowatchula kuti amake Esitere. Panopa akukhala ku Lilongwe kwa mwana wawo, kumene sakukufuna n'komwe, tsiku lonse ali pakhonde kuyang'ana mpanda wa njerwa. Amene ndinawachotsa pantchito yawo ndine, ndi sizasi yangayi. Ndiye mukamva ndikulalata mundikhululukire, mtima umandiwawa.

Azakhali analibe munda woti n'kulozera mlendo. Kamunda kamene makolo anawasiyira n'koti ukayetsemula uli pakati, wa munda winawo amakuyankha. Amuna awo, a Simeon, anamwalira Esitere akadali kumsana. Chimene chinkawadyetsa ndi zala zawo. Anayamba kusankha fodya ali ndi zaka naini, atakhala pambali pa mayi awo m'chigafa cha pa esiteti, ndipo sanasiyenso.

Kwa inu osadziwa, kusankha fodya ndi kulekanitsa masamba akauma. A m'munsi paokha, a pakati paokha, a kunsonga paokha, ong'ambika, akuda, obiriwira, lililonse pamulu pake, kenako kumanga timitolo tokadinda m'belo. Belo losakaniza ogula ku okushoni amaligwetsa mtengo, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe. Azakhali tsamba ankalidziwa ndi chala asanaliyang'ane. Kuyambira Malichi mpaka Julaye alimi ankachita kuwalimbirana, wina kuwatumizira njinga, wina nkhuku. Zimene ankapeza m'miyezi imeneyo ndi zimene anaphunzitsira Esitere mpaka kukhala namwino, ndipo ine ndemwe, mayi anga atamwalira, ndinakulira pa zomwezo.

Ukali wawo m'chigafa unali wodziwika. Zaka za makuponi zitafika, matumba a feteleza anadzaza mudzi. Iwo kuponi inkawapeza mwa apo ndi apo, thumba limodzi kugawana mabanja anayi ndi beseni, koma sizinali zimenezo zimene zinkawapsetsa mtima. Anthu anayamba kusolola ulusi wa matumbawo n'kumasokera fodya, ena kuwayala pansi m'chigafa. Pamene ku okushoni akangopeza kaulusi kamodzi ka pulasitiki, belo lonse limabwerera kwa mwini wake.

“Chigafa chimene ndikhalemo ine,” ankatero azakhali, “musalowe thumba la feteleza, musalowe jumbo, musalowe nkhuku.”

Ndinawaonapo ndi maso angawa akubweza mkulu wa mpingo pakhomo chifukwa chipewa chake chinali ndi kanthenga. Anthu ankadandaula, koma belo lodutsa m'manja mwawo linali lisanabwererepo. N'chifukwa chake kalabu ya a Mphepo, ya alimi khumi ndi awiri, inkawagwiriratu chaka ndi chaka mvula isanathe.

Tsitsi lawo ndinali ndisanaligwirepo. Ankadzimeta okha lalifupi n'kumanga duku, basi. Ntchito yanga ankainyoza poyera.

“Iwe Feggie, ndinakuphunzitsa sukulu kuti uzisokerera michira ya ng'ombe pamitu ya anthu?”

“Si michira, azakhali, ndi meshi.”

“Meshi, meshi. Mchira ndi mchira.”

Kenako Esitere anapeza banja. Mnyamata wake, Benjamin, ndi wa ku Lilongwe, ndipo ukwati anaukonza mu Meyi, pa Boma pomwe pano. Esitere anandiimbira foni akuchita kuchonderera. Akuti akuchimuna akubwera ndi mawigi onyezimira, amayi ake asakakhale kutsogolo ndi duku lonunkha fodya. Azakhali anakana masabata awiri athunthu. Sabata lachitatu ananditumizira uthenga kudzera kwa wakabaza: “Bwera nayo michira yakoyo, ndisamuchititse manyazi mwana.”

Za meshi ine ndimazidziwa ngati Pemphero la Ambuye, ndipo kasitomala aliyense ndimamuuza asanadzuke pampando. Meshi imene timagula m'mashopu muno ndi pulasitiki, ukaiyandikiza kumoto imakwinyika n'kusungunuka. Osamangitsa mothina kwambiri, tsitsi la pamphumi limathothoka ndipo lina silimeranso. Mafuta ndi a khungu la pamutu, osati a meshi. Pogona kumanga duku. Kuchapa ndi madzi ofunda n'kuumitsa mokwanira, apo ayi imanunkha ngati bulangete lonyowa. Isapitirire masabata sikisi ili pamutu. Ndipo chachikulu, pomaliza kumanga nsonga zake zimafunika kutseka, kaya kuziwaula ndi kandulo kaya kuziviika m'madzi otentha, chifukwa zikapanda kutsekedwa zimamasuka n'kumayoyoka. Zonsezi ndimazidziwa. Chimene chinandilowa tsiku limenelo mpaka lero sindichimvetsa.

Inali nyengo ya maukwati, meshi yakuda kwa a Zuwena inali itatha. Yotsala inali yofiirira.

“Tenga yomweyi,” anatero a Zuwena. “Amayi akuluakulu imawakhala bwino.”

Ndinatenga mapaketi atatu, Lachinayi m'mawa n'kukwera kabaza. Azakhali ndinawapeza m'chigafa cha a Mphepo, atakhala pachiguduli, fodya wa alimi a kalabu atawazungulira mbali zonse. Lole ya kalabu inali kubwera Lolemba kudzanyamula mabelo.

“Azakhali, tiyeni kunyumba.”

“Zimatenga nthawi yaitali bwanji zakozo?”

“Wani-wani, chingwe chimodzichimodzi, ndi maola sikisi.”

“Maola sikisi ndingokhala manja ali pamiyendo, fodya wa eni ake akundiyang'ana? Iwe gwira mutu, ine ndigwira fodya. Mutu ndi manja n'zosiyana.”

Nditati ndilowe, anandikalipira. Ati jumbo ndi mapaketi a pulasitikiwo zitsale kunja, ndizitsikize ndi mwala kuti mphepo isazilowetse. Ndinatsegula mapaketi panja, n'kuwasiya monga ananenera, meshi yokhayo n'kuikoleka paphewa, n'kulowa nayo. Abale inu, tinasiya chikutiro kunja n'kulowetsa pulasitiki yeniyeniyo! Iwo fodya ankamudziwa koma meshi sankaidziwa, m'mutu mwawo munali mchira wa ng'ombe womwe uja, ndipo ankaganiza kuti wonse uthera pamutu. Ine meshi ndinkaidziwa, malamulo a m'chigafa ndinakulira momwemo, koma ziwirizi sizinakumane m'mutu mwanga ngakhale kamodzi.

Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuyamba. Tinacheza bwino tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse. Anandiuza za a Simeon, kuti anawafunsira m'chigafa atanamizira kudzabwereka singano yosokera belo. Ndikakoka tsitsi ankati “Mayo, ukufuna kundichotsa khungu?” koma manja awo osaima, tsamba uku, tsamba uko. Dzuwa litapendeka ndinamaliza, ndipo ndinachita zimene womanga tsitsi aliyense amachita pomaliza. Ndinatenga sizasi n'kuyamba kudula timaulusi totuluka m'mbali mwa chingwe chilichonse, kuyambira pamwamba mpaka kunsonga. Zingwe zinalipo zoposa handiredi. Iwo kumbuyo sankaona. Chigafa chilibe makoma, kamphepo kamangodutsa, ndipo mtundu wa meshi ija unali ndendende wa fodya wouma.

Nditatulutsa kandulo ndi machesi anatembenuka ngati alumidwa.

“Moto? M'chigafa? Wapenga?”

“Ndiye madzi otentha, azakhali, ndiviike nsongazi.”

“Madzi pafodya wouma? Iwe mwana iwe, uli ndi nzeru?”

“Tiyeni tituluke kaye, n'zosachedwa.”

“Mulu uwu ndiumalize lero. Udzatseka Loweruka m'mawa tisanapite kutchalitchi.”

Sanalakwitse, moto ndi madzi sizilowadi m'chigafa. Ine ndikanaumirira kuti atuluke, koma wakabaza anali akuimba belu kumsewu, ndipo ndani anawaumirizapo azakhali chinthu? Ndinasesa tizidutswa timene ndinationa pachiguduli n'kunyamuka. Lachisanu lonse anasankha fodya nsonga zili zosatseka. Duku sanamange, chifukwa tsiku lotsatira kumanga mutu umakhala ukuwawa, ngakhale kansalu kokha kamapweteka.

Loweruka anakongola, zimenezo sindibisa. Nditatseka nsonga n'kuwamangira zingwezo pamwamba, anaima pafupi ndi galimoto ya akwati n'kudziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

“Feggie, kodi ameneyu ndine?”

Pa perekaniperekani anavina mpaka akuchimuna anaimirira kuwaombera m'manja. Esitere analira. Ine ndinkangodzitama kwa aliyense kuti mutu umenewo ndi ntchito yanga. Lamulungu masana mabelo anadindidwa, Lolemba lole inanyamula.

Patapita masabata atatu azakhali anandiimbira. Sankakonda foni, ndiye nditangoona nambala yawo ndinadziwa kuti kwachitika kanthu.

“Bwera,” anangotero.

Ndinapeza alimi a kalabu atakhala pamikangala yoyanikira fodya kunja kwa chigafa cha a Mphepo, mabelo ataunjikidwa pambali, ziguduli zake zong'ambidwa. Pa mabelo folotini amene anapita, naini anabwerera. A Mphepo anali ndi kapepala ka ku okushoni m'manja, ndipo pakapepalapo anali atamatapo kaulusi kofiirira, kotalika ngati chala. Panalibe wofunsa kuti ndi ka ndani. Mudzi wonse mutu wofiirira unalipo umodzi, ndipo unali pomwepo, utawerama, duku litamangidwa pamwamba pa zingwe.

A Samsoni, amene mabelo awo atatu onse anabwerera, ndi amene anayamba.

“Amake Esitere, inu munandithamangitsira mkazi wanga m'chigafa changa chomwe chifukwa cha jumbo ya mchere. Lero izi?”

Ndinalephera kupirira. Ndinaimirira pakati pa azibambo n'kunena zonse, kuti meshi ndinalowetsa ndine, wodula ndi sizasi ndine, iwo kumbuyo sankaona, ngati pali wolakwa ndine. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. A Mphepo ndi munthu wofatsa, anandimvetsera mpaka kumapeto.

“Mwana iwe, tamva. Koma ife sitinasungitse fodya kwa iwe. Tinasungitsa kwa amake Esitere.”

“Khala pansi, Feggie,” anatero azakhali osadzutsa mutu. Kenako anauza a kalabuwo kuti mabelo onse naini awamasula n'kuwasankhanso okha, tsamba ndi tsamba, popanda kulandira kanthu.

Tisanayambe anandiuza kuti ndimasule meshi. Tinapita kuseri kwa nyumba yawo, kutali ndi chigafa chilichonse, ndinamasula zingwe zonse, iwo n'kuzitola okha n'kukaziwotcha kudzala. Atabwera anasamba m'mutu kawiri.

Ntchito imene inatsatira sindingaifunire ngakhale mdani wanga. Fodya wodindidwa kale amamatana, ndipo mu Juni mphepo ndi youma, tsamba ukaligwira molakwika limafumbutuka. Azakhali ankadikira chinyezi cha m'mawa kuti masamba afewe, n'kuyamba kumatula kamtolo kamodzikamodzi. Kaulusiko ndi maso sikaoneka. Ankadutsitsa chala pamwamba pa tsamba, kulitembenuza, kudutsitsanso, akakamva n'kukatola n'kukaponya m'chitini cha madzi kuti kasauluke. Ine ndinkatseka pakhonde panga masiku atatu pasabata kukawathandiza, koma zala zanga zozolowera meshi zomwezo sizinkamva kanthu. Ndikati tsamba ili ndamaliza, iwo ankalitenga n'kutolamo tiwiri.

“Siya, ukungondiswera fodya,” ankatero, koma osati mwaukali. Ukali unali utawathera, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandiopsa.

Zinatenga masabata asanu. Mabelo anapepuka chifukwa cha masamba ofumbutuka, ndipo pamene ankabwerera ku okushoni mitengo inali itatsika. Awiri anabwezedwanso. Amenewo eni ake anangogulitsa kwa mavenda pamtengo wotaya. A Samsoni, amene anali atagwetsa kale udzu wa padenga poyembekezera malata, anakafolera ndi udzu womwewo. Ndikakumana nawo pamsika ankandiyankha moni bwinobwino, ndipo ndikanakonda akanandituka.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinapita kwa alangizi a zaulimi kukafotokoza, iwo anandimvera chisoni n'kunena kuti nkhani ya kalabu ndi ya kalabu. Ndinapita kwa akazi a a Mphepo ndi nkhuku, nkhukuyo analandira, n'kundiuza kuti madzi akatayika saoleka. Esitere anabwera kudzawatenga amayi ake, iwo anakana.

“Ndikapita, fodya wa chaka chamawa asankha ndani?”

Chaka chamawacho chinafika. Malichi analowa, zigafa zinadzaza, fungo la fodya linali ponseponse. Azakhali anachapa chiguduli chawo chokhalira n'kuchipinda pakhonde. Njinga zinkadutsa pamsewu osakhota. Sabata yoyamba ankati anthu achedwa kuthyola chifukwa cha mvula. Sabata yachiwiri sanatchulenso za mvula.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona atulukira pa Boma, atayenda wapansi ulendo wonsewo. Panali makasitomala awiri, koma anadutsa n'kukhala pampando, n'kuvula duku. Tsitsi linali litamera, imvi zili mbuu.

“Ndimete mpala.”

“Azakhali, mpala? Wamwalira ndani?”

“Ndati ndimete. Ndi lezala, lisatsale ngakhale limodzi.”

Kwathu mayi wamkulu sameta mpala popanda maliro. Makasitomala aja anangoti kukamwa yasa. Ndinawachonderera, ndinawauza kuti tsitsi lawo lobadwa nalo silinalakwe kanthu, kuti zaka zonsezi ankasankha fodya lili pamutu. Anangoweramitsa mutu n'kudikira. Ndinagula lezala kwa a Zuwena, n'kupaka sopo, n'kuwameta misozi ikugwera pasopo pomwepo. Nditamaliza anadzisisita mutu wonse ndi chikhatho, kufufuza ngati patsala kanthu, n'kumanganso duku.

Ndinasiya makasitomala aja n'kuwatsatira, chifukwa ndinadziwa kumene akupita. Tinafika kwa a Mphepo dzuwa lili paliwombo. M'chigafa munali atsikana atatu akusankha fodya, awiri mwa iwo ophunzitsidwa ndi azakhali omwe. A Mphepo ndi azibambo ena anayi anali panja akukonza jeke yodindira mabelo. Azakhali anapereka moni, anaima pakhomo la chigafa osalowa, kenako anamasula duku pamaso pa azibambo onsewo.

“A Mphepo, onani. Palibenso choti chigwe.”

Azibambo aja anayang'ana pansi. Wina anatembenuka n'kuyamba kulimbana ndi jeke ngati yamuvuta. Atsikana m'chigafa anasiya kusankha. A Mphepo anavula chipewa chawo, n'kuchipinda, n'kuchivalanso.

“Amake Esitere, chonde valani duku. Mukutichititsa manyazi, ndinu mayi wathu.”

“Mwaona koma?”

“Ndaona. Ine pandekha ndilibe nanu chifukwa. Koma a kalabu anagwirizana kale, ndipo nambala yathu ku okushoni akuiyang'anitsitsa. Likangobwereranso belo limodzi, ngakhale cholakwa chisakhale chanu, anthu adzati a Mphepo munadziwa. Pepani.”

Azakhali anati “Zikomo,” n'kutembenuka. Ndinaganiza kuti tikupita kunyumba. Koma pamphambano anakhotera njira ya kwa a Samsoni. Zigafa za kalabu zinalipo khumi ndi ziwiri, ndipo ndinazindikira kuti akufuna kuzimaliza zonse. Duku linali m'manja, dzuwa likuwomba pampala, pamene lezala inawacheka pang'ono pakutuluka kamagazi. Ana amene ankasewera m'njira anasiya masewera, amayi a pamjigo anatula zidebe n'kumatiyang'ana.

Ndinawathamangira n'kuwagwira mkono.

“Azakhali, chonde, valani kaye. Mukavulanso tikafika.”

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, osaima.

“A Samsoni amakhala pachulu paja, amaonera munthu patali. Ndikavala, andibweza ndisanafike.”